Meshi ya Aneba pa Mutu wa Chigawenga

Banja litatha ndinasamukira ku Area 23, m'kachipinda ka kumapeto kwa mdadada wa makomo asanu. Ntchito yanga inali yosesa ndi kukolopa pa kampani ina ku Kanengo. Pamdadadapo anthu ankandipatsa moni bwinobwino, koma moni wake wopatsa mlendo. Mkazi wopanda mwamuna, wopandanso mwana, anthu amamuyang'ana kawiri, ndipo amene ali ndi amuna awo amamuyang'ana katatu.

Mmodzi yekha ndiye sankasamala zimenezo, mayi wa khomo loyandikana ndi langa. Kwawo kunali ku Dedza, mwamuna wake ankayendetsa thiraki ndipo sankakhalitsa pakhomo. Tinkangoitanana kuti aneba. Meshi ikakalamba m'mutu mwake ankabwera Loweruka masana ndi mkeka ndi chipeso, n'kunena kuti, "Aneba, tandimasulani, mutu wayabwa." Ine ndinkakhala pakhonde, iye pansi, mutu wake utatsamira maondo anga. Ntchito ya maola awiri ndinkaikoka dala mpaka dzuwa kupendeka, chifukwa kunena zoona panalibenso munthu wina amene ndinkamukhudza. Pamkeka pomwepo ndi pamene anandiuza kuti anapita padera kawiri, ndi kuti mimba imene anali nayo nthawi imeneyo inkamusowetsa mtendere.

Chaka chimenecho gulu la zisudzo la kutchalitchi kwathu linkakonza sewero la Khirisimasi. Mkulu wa gululo, mphunzitsi wolankhula ngati wailesi, anali ataonera kanema wa zigawenga za panyanja, zija zolanda zombo, ndipo mutu unamuzungulira. Anati Satana wa nyanga ndi mchira watopetsa. Wa chaka chino akhale chigawenga choterocho, cha madiredi ofika m'mapewa, duku lofiira pamutu, diso limodzi lophimba.

"Ndani angatipangire wigi?" anafunsa titatuluka m'mapemphero.

Ine ndinakweza dzanja, chonsecho wigi ndinali ndisanaigwirepo chibadwire. Ndinkangofuna kuti Lamulungu pazikhala munthu wondifunsa kanthu.

Yoyamba ndinapanga ndi ulusi wakuda wolukira majuzi. Inatuluka ndendende mopu wanga wa kuntchito. Yachiwiri ndinapota khonje n'kulipaka polishi ya nsapato. Bambo amene ankasewera Satana, kalipentala wofatsa wosayenerana ndi udindowo, anaivala mphindi zochepa n'kuyamba kudzikanda, makutu onse ali bii. Mkulu uja anandiyang'ana mwachisoni.

"Chemwali, tikufuna chigawenga, osati tsache."

Ndinapita ku saluni ina pamsika kukafunsa nzeru. Mwini wake anandiuza kuti meshi yatsopano imaterera, siigwirana, yabwino kupota madiredi ndi yakale, yoti inakhalapo m'mutu. Nditapempha kuti andigawire imene amasesa pansi, nkhope yake inasintha. "Mayi, pano sitipereka tsitsi la anthu," anatero, n'kubwerera kwa kasitomala wake. Ine ndinangoti ndi mwano wa anthu a m'tauni.

Loweruka lotsatira aneba anabwera ndi mkeka wake. Meshi yake inali yofiirira, yaitali, yambiri. Titamaliza anaisonkhanitsa m'jumbo n'kukaitaya kudzala kuseri kwa chimbudzi. Atalowa m'nyumba kukasamba m'mutu, ine ndinazungulira kuseri n'kutola jumbo ija.

Sikuti mwambo sindinkaudziwa. Kwathu ku Ntcheu ngakhale mwana amadziwa kuti tsitsi ndi zikhadabo za munthu satola, ndipo wotola amakhala ndi chake mumtima. Koma ine ndinkati meshi si tsitsi, ndi pulasitiki yogula pamsika, ilibe mwini. Ndinalinso ndi kamaganizo kanga kachibwana: ndidzamutenga aneba kukaonera sewero, chigawenga chikadzatulukira ndidzamugwedeza ndi chigongono n'kumunong'oneza kuti taonani meshi yanu, tidzaseka mpaka kunyumba. Safunsa anadya phula.

Ndinaichapa ndi sopo, n'kumaipota pantchafu monga tinkapotera luzi kumudzi. Diredi lililonse ndinkaliviika m'madzi otentha kuti ligwirane, kenako n'kulisokera pa chipewa choluka chimene ndinaveka poto wovundikira. Zala zinatupa ndi singano. Ndinamangirira mikanda, kiyi wakale ndi zitsekerero za mabotolo. Ndinkasoka nditatseka chitseko kuti chinsinsi chisaululike, ndipo masabata awiri amenewo ndinali wosangalala kuposa nthawi ina iliyonse chibwerere ku Lilongwe.

Kutatsala tsiku limodzi kuti sewero lichitike ndinaitsukanso n'kuiyanika pachingwe cha zovala. Ndili pakhonde, aneba anatuluka ndi beseni la zochapa, mimba ili patsogolo. Anafika pachingwe n'kuima.

"Aneba, ichi n'chiyani?"

"Wigi ya sewero la kutchalitchi. Yakongola eti?"

"Meshi imeneyi mwaitenga kuti?"

Ine ndinaseka, poti chinsinsi chinali chitaululika basi. "Simukuizindikira? Ndi yanu ija."

Anaika beseni pansi pang'onopang'ono. "Munakatola kudzala?"

"Iii aneba, si pulasitiki chabe iyi?"

Anagwira diredi limodzi n'kulitembenuza kuti ndione. M'kati mwa zofiirirazo munali titsitsi takuda, tatifupi, topotana, tija timathothoka pomasula. Ndinali nditationa popota, koma sindinatiganizire.

"Iti ndi pulasitiki?" anandifunsa. "Nanga aivala ndani?"

Bodza linandisowa. "Amene akusewera Satana. Wa m'sewero chabe, aneba."

Dzanja lake linapita pamimba. Sanakuwe, sanandinene kuti ndine mfiti, ndipo mwina zikanandipepukira akanatero. Anangoti, "Inu ndinakuuzani zanga zonse. Munalephera kungondipempha? Ndibwezereni."

Apa ndiye pamene ndinalakwa zenizeni, ndipo mpaka lero ndikakumbukira ndimadziluma lilime. Ndinaganiza za zala zanga zotupa, za mkulu uja, za anthu amene ankadikira wigi yanga. Ndinati, "Sewero lili mawa, aneba. Likangotha ndikubwezerani."

Ananyamula beseni lake n'kukayanika zovala zake pampanda.

Sewero linayenda bwino, sindinganame. Kalipentala uja atatulukira, madiredi akugwedezeka, mikanda ikulira, ana anathawira kwa amayi awo, akuluakulu anaseka mpaka misozi. Pamapeto mkulu wa gulu anathokoza onse amene anathandiza m'njira zosiyanasiyana, ndipo ineyo ndinali m'gulu la njira zosiyanasiyanazo. Palibe anafunsa kuti wigi anapanga ndani. Ndinaivula pamutu pa kalipentala ikadali yonyowa ndi thukuta, n'kuyenda ndekha kubwerera kunyumba.

Ndinagogoda pa aneba. Anatsegula, natambasula jumbo kuti ndiponyemo wigiyo ndekha. Posakhalitsa fungo la pulasitiki yopsa linadzaza pamalo ponse, ndipo amayi a makomo enawo anatuluka kudzaima pamakonde awo, osafunsa kanthu. Ndinadziwa kuti nkhani anaimva kale.

Miyezi iwiri yotsatira palibe anapempherera mimba imeneyo kuposa ine. Ndinkaipempherera m'minibasi, ndinkaipempherera ndikukolopa. Ndinkamufunira zabwino ndi mtima wonse, komanso ndinkachita mantha, chifukwa chikanachitika china chake ndikudziwa dzina limene likanatchulidwa. Moni tinkapatsanabe, wa m'mawa ndi wa madzulo. Meshi yake yotsatira anakamasulitsa kwa mchemwali wake ku Kawale.

Mwana anabadwa mvula ili pakati, wamkazi, wonenepa bwino. Ndinalira ndi chimwemwe ndili ndekha m'chipinda. Atatuluka m'chikuta amayi onse a pamalopo analowa kukamuona, akulandirana, wina akuti mphuno ndi ya bambo ake, wina akutsutsa. Ine ndinagula sopo ndi kathawulo n'kukaima pakhomo.

"Odi, aneba. Ndabwera kudzaona mlendo."

Analandira mphatso ndi manja awiri, mwaulemu wonse. "Zikomo kwambiri, aneba. Koma wangogona kumene."

Mwanayo anali maso, ndinkamuona akuphethira pamiyendo pa mayi ake, mutu wake uli ndi tsitsi lambiri lofewa. Aneba anakoka chitenje n'kumufunditsa kumutu. Ndinakhala pamalopo chaka china chathunthu, mpaka mwanayo anayamba kuyenda n'kumafika pakhonde langa, ndipo nthawi zonse pankapezeka womuitana kuti abwerere. Sindinamunyamulepo ngakhale kamodzi.