Suti Yakuda ya Aphungu Akale

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa chosakhazikika. Kwathu kwa Mposa ndinayesa ulimi wa mpunga, ndinayesa usodzi ku Chiuta, koma zonse ndinazisiyira panjira. Amalume atatopa nane anandikweza lole mpaka pa Balaka n'kukandipereka kwa mnzawo, Che Amidu, telala wa pakhonde la sitolo pafupi ndi siteshoni ya sitima. "Uyu sakhala pansi, ngati pampando pali minga," anatero amalume. "Mwina inu mumutha." Che Amidu anandipatsa lezala ndi buluku lakale kuti ndimasule msoko wonse popanda kucheka nsalu.

Miyezi yoyamba makina sindinawakhudze. Yanga inali kukoleza makala a simbi, kukulunga ulusi pa bobini, kusokerera mabatani ndi kudontheza mafuta m'makina. Sitima ikalira mtima wanga unkanyamuka nayo. Ndinkaona ngati anzanga onse akupita kwinakwake, ine ndekha ndatsala ndi singano m'manja. Kenako fundi wanga, Che Amidu, anayamba kundipatsa zigamba, mipendero, mpaka tepi ndi choko.

Kumapeto kwa khonde lathu kunali bawo, ndipo Loweruka kunkabwera madoda angapo kudzasewera. Ankalankhula Chizungu chosalala koma nsapato zawo zinali zotha zidendene. Ndinadzadziwa pambuyo pake kuti onsewo anali aphungu akale a Nyumba ya Malamulo. Inali nthawi ya chipani chimodzi, ndipo munthu akachotsedwa pampando wauphungu anthu ankamulambalala pamsewu, kuopa kuonedwa akumupatsa moni. Tsono iwo anapanga kabungwe kawokawo, kopanda dzina, kopanda wapampando. Pabawopo ndi pomwe ankauzana za mnzawo amene wadwala, amene wamwalira, amene ana ake akusowa pogwira, ndi amene apolisi amutenga. Akangotsitsa mawu, Che Amidu ankandikodola. "Palasa, mwanache!" Ine ndinkapalasa makina mwamphamvu, ngakhale ndikusoka tizidutswa topanda ntchito, kuti wodutsa asamve kanthu.

Kabungweko kanali ndi chuma chimodzi chokha: suti yakuda. Masuti awo ambiri anagulitsa pamene zinthu zinavuta, yabwino n'kutsala imodzi. Inkakhala kwa ife, itapachikidwa kuseri kwa katani. Wina akakhala ndi ukwati wa mwana, maliro a kuchipongozi kapena mlandu kubwalo, ankabwera kudzayezedwa, fundi n'kuikulitsa kapena kuichepetsa. Ine zinkandiseketsa. Anthu amene kale ankakwera galimoto, lero akubwerekana buluku! Che Amidu sankaseka nawo, ndipo sutiyo sankalola kuti ndiigwire ndi manja amafuta.

Tsiku limene sindiliiwala fundi kunalibe, anali atapita kumaliro ku Nayuchi. Ndikutsegula kumene, ndinaona a Kandaya, mmodzi wa madoda aja, akubwera chothamanga. Anali munthu wamkulu thupi, wa mawu ngati ng'oma, koma m'mawa umenewo mawu ankatuluka monjenjemera. Pambuyo pawo pankabwera a Mwamadi, mnzawo wa pabawo, woonda ngati bango.

"Fundi ali kuti?"

"Apita kumaliro, bambo. Abwera mawa."

"Mawa? Iyayi, mawa mwana wanga adzakhala ali kutali."

A Mwamadi ndiwo anandifotokozera, monong'ona. Mwana wa a Kandaya, Jemusi, ankagulitsa nsomba pamsika wa Nsanama. Anyamata a chipani anafuna kuti agulire khadi la chipani khanda limene mkazi wake anabereka kumbuyo, iye n'kuwayankha mokalipa. Anamugwira, ndipo mnzawo wina wa kabungwe anamva kuti m'mawa mwake amutumiza kumene anthu sankabwerako msanga. Amene akanatha kumumasula anali mkulu wina wa chipani, yemwe tsiku limenelo ankapezeka ku Liwonde. Mkuluyo kale ankanyamula chikwama cha a Kandaya iwo ali phungu.

"Sindingakaime pamaso pake ndi malaya awa," anatero a Kandaya. "Ndikulitsire suti. Basi ya ku Liwonde isandisiye."

Sutiyo anaivala komaliza a Mwamadi, ndiye inali itachepetsedwa mpaka pomaliza. Ndinawayeza a Kandaya pachifuwa, m'chiuno ndi m'mapewa, ndikulemba ndi choko patebulo. Ndinayamba ndi buluku chifukwa ndi losavuta: kumasula msoko wakumbuyo, kutulutsa nsalu yopindidwa, kusokanso. Kenako jekete. Ndinamasula nsalu ya m'kati, ndinatsegula misoko ya m'mbali, zonse zinayenda. Nditafika pamsoko wapamsana ndinangoti kakasi. Malo amenewo anasokedwa ndi kumasulidwa kambirimbiri moti nsalu inali mabowo okhaokha ngati sefa. Nditangoitambasula pang'ono inalekana yokha, mng'alu wotalika ngati chala, pakatikati pa msana.

A Kandaya anaona. Sanakalipe, ndipo bwenzi zili bwino akanakalipa. Anangokhala pabenchi n'kugwira mutu. Kenako anadzuka, kupita kumsewu, kubwerera, kupitanso. Nthawi iliyonse akadutsa ankandiphimbira kuwala.

"Bambo, khalani pansi, mukunditchinga," ndinatero. Aka kanali koyamba kulamula munthu wamkulu, ndipo anakhaladi.

Nsalu ina yofanana nayo panalibe. Ndinapindula miyendo ya buluku n'kupeza kuti mpendero wake unali waukulu, chifukwa fundi sankadula kalikonse. Ndinachekako kachidutswa kam'kati, ndinakaika kuseri kwa mng'alu, n'kuyamba kulumikiza ndi singano ya pamanja, timisoko tating'ono totsata ulusi wa nsaluyo. Ntchito imeneyi sifuna changu, pamene thupi langa lonse linkafuna kuthamanga. Basi inaliza hutala kudepoti. Thukuta linkagwera pansalu.

"Ndikaigwire ine basiyo," anatero a Mwamadi, n'kunyamuka. Ndinamva pambuyo pake kuti anakaima pakhomo pa basi n'kuyamba kupatsa kondakitala moni wautali, kufunsa za ana, za agogo, za mvula ya kwawo, phazi limodzi lili pasitepe.

Nditatseka mng'aluwo ndinapalasa msoko wapamsana pamakina, ndinabwezeretsa nsalu ya m'kati, kenako simbi. Mizere ya mapindo akale inkaonekera, ndiye ndinayala kansalu konyowa pamwamba n'kusita mpaka nthunzi itaifafaniza. A Kandaya anavala kuseri kwa katani. Atatuluka sindinawazindikire. Mapewa anawongoka, chibwano chinakwera. Anadziyang'ana pagalasi kamodzi, anabaya baji ya chipani pakolala, n'kuthamangira basi osanditsanzika.

Tsiku lonse sindinasoke kanthu kolongosoka. Ndinkaganiza za msana uja. Akawerama popereka moni, sulekana? Akagwada? Basi iliyonse ikaima ndinkathamangira kumsewu. Madoda ena awiri anabwera, ngakhale silinali Loweruka, n'kukhala pabawo osasewera.

Dzuwa litapendeka tinawaona akutsika. A Kandaya anali patsogolo, Jemusi pambuyo, diso limodzi lotupa koma akuyenda yekha. Madoda anaimirira, a Mwamadi misozi ili mbwembwembwe. Ine chimene ndinaona ndi chakuti a Kandaya anali m'malaya okha.

"Jekete yang'ambika, bambo?"

"Iyayi, mwana wanga, siinang'ambike. Wasoka bwino kwambiri, mpaka mkulu uja waikonda." Anapita kuseri kwa katani, anavula buluku n'kundipatsa. "Likulunge bwino. Akuti jekete yopanda buluku ndi yantchito yanji."

Anafotokoza mwachidule. Mkuluyo anawadikiritsa panja mpaka masana. Atawalowetsa sanakambe za Jemusi, anangogwira kolala n'kunena kuti nsalu zotere masiku ano sizipezeka. A Kandaya anamva, anavula. Palibe mmodzi wa madoda aja amene anadandaula. A Mwamadi anangoti, "Chambone, zili bwino. Suti sinakhalepo mwana wa munthu." Koma ine ndinapsa mtima moti chakudya sichinalowe.

Sabata yotsatira, fundi atabwera, mnyamata wa chipani anafika pakhonde ndi phukusi. Inali suti yomweyo. Mkulu uja anali atafunsa kumene inasokedwa, ndipo ankafuna ichepetsedwe, chifukwa iye anali wamfupi ndi wochepa thupi. Miyezo anaitumiza pazingwe zomanga mfundo. Ankafuna kuivala pamsonkhano waukulu. Che Amidu anandikankhira phukusilo. "Unaiyamba ndiwe."

M'kabati munali ulusi wina wakale, wofumbwa, woduka ndi kukoka pang'ono. Ndinautenga, ndinaukulunga pa bobini, ndinatalikitsa msoko wa makina. Ndinkamuona kale mkuluyo akukwera pansanja, akukweza mkono, buluku n'kulekana pamaso pa amayi ovina. Mtima wanga unkaseka. Ndisanapalase, dzanja la fundi linagwira gudumu la makina. Anatulutsa bobini, anakoka ulusi, unaduka.

"Ukufuna achite manyazi pagulu?"

"Eya. Ndi wakuba ameneyu."

"Ndi wakubadi. Tsono buluku likang'ambika, akwiyira ndani? Iwe sakukudziwa n'komwe. Akanena kuti Kandaya anamupatsa dala suti yowola. Ndipo kumene Jemusi amagona akukudziwa."

Fundi anatsegula bokosi lake n'kutulutsa ulusi wabwino kwambiri umene ankasungira masuti aukwati.

Sindinasokepo chovala mosamala ngati mmene ndinasokera suti imeneyo. Msoko uliwonse ndinaubwereza, pamsana ndinaikapo chidutswa china cholimbitsa, mabatani ndinawamanga ngati sadzachokanso. Ndinkasoka mano ali gwa, mkwiyo uli mumtima, koma m'nsalu sunalowemo. Anthu amene anapita kumsonkhanoko anati mkuluyo anatchena kuposa onse.

Ndasokera anthu ambiri chichokereni pakhonde limenelo, ena owakonda, ena oti sindingadye nawo mbale imodzi. Ndikakwiya ndi kasitomala, ndisanaponde makina ndimayamba ndadzifunsa kuti msoko wanga ukalekana alire ndani. Jemusi anakalamba akugulitsa nsomba pa Nsanama, ndipo sanadziwe kuti ufulu wake unapachikikapo pa ulusi wanga.