Tsiku Limene Amuna Anga Anadziponyera pa Anthu

Amuna anga ndi msodzi, koma paukwati amaimba gitala. Tsiku lina wamalonda wa ku Cobue anawaonetsa pafoni kanema wakale wa oimba nyimbo zachizungu zotchedwa roko. Woimba wa tsitsi lalitali anadumpha papulatifomu n'kugwera pamitu ya anthu, iwo n'kumamupatsirana m'mwamba akukuwa ndi chimwemwe.

"Ulemu ndi umenewu," anatero amuna anga. "Ine amangondiombera m'manja."

Ndinawachenjeza. "Inu bambo, kuno munthu amanyamulidwa akadwala kapena akafa."

Sanamve. Paukwati wina ku Khuyu anakwera pa bwato lovundikira lomwe oimba ankaimapo, anakhwatcha gitala mpaka thukuta kamukamu, kenaka anaitula pansi, natambasula manja, n'kudziponya chagada. Anyamata anawawakha. Iwo anatsinzina monga anachitira wa mukanema uja.

Ng'oma zinaleka. Amayi ena anayamba kulira. Anyamata aja anawasenza, ulendo wa kuchipatala ku Chipyela, ine ndikuthamanga pambuyo ndikukuwa kuti munthuyo ali bwinobwino. Ndani akanandimvera? Eni akewo anali phee, akumva kukoma, poganiza kuti phokoso lonselo n'lowatamanda.

Namwino anawapima paliponse, osapeza kanthu. Pomaliza anati, "Kapena ndi njala."

Apongozi anga, mayi awo, anali pakhomo pomwepo. Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi. Ndinachita manyazi osaneneka, ine amene ndimaphika mpaka mbale kusefukira.

"Auzeni zoona," ndinawanong'oneza amuna anga. Koma munthu wamkulu angavomere bwanji kuti wasokoneza ukwati wa eni ake chifukwa cha kanema? Anangobuula, napempha madzi.

Kuyambira pamenepo apongozi anayamba kutumiza chakudya tsiku lililonse: chinangwa chophika, usipa wotendera, nthawi zina nkhuku. Amuna anga amadya cha mayi awo, n'kudyanso changa poopa mkwiyo wanga. Mimba inatuluka, malaya onse anathina, ndipo bwato limapendekera mbali yomwe akhala.

Ine ndiye ndinapsa. Pamaliro, amayi anzanga akamagawana ntchito, ine amandipatsa yotunga madzi, kumiphika sandifikitsako. Mlungu wathawu, tikutuluka m'tchalitchi, mayi wina anagwira apongozi dzanja, akuloza mimba ya amuna anga.

"Mwachita bwino, amayi. Mwana uyu mwamuwombola."

Amuna anga anangoyang'ana kumwamba, nayamba kuimba mluzu.