Mashata a Lefteris

A Lefteris Kalogeras anatuluka m'mawa wina atavala kabudula wamkati yekha, kukathirira matimati kuseri. Dzuwa litangomenya khoma, nyumba inalira kuti gurrr! Mashata onse, zitseko zachitsulo zija zimatsika pamawindo, anatsikira limodzi, la pakhomo lomwe. Mayi Koula, akazi awo, anali kutchalitchi. Bambo wamkulu anabisala kuseri kwa mtengo wa mandimu kudikira mtambo woti uphimbe dzuwa kuti mashata akwere, koma Januwale wa ku Adelaide, ku Australia, alibe mtambo.

Munthuyu anakalambira pa ntchito ya magetsi, ndipo mumsewu wathu palibe nyumba imene sanakwerepo m'siling'i. Matenda anawayamba pamene a Dragan, aneba a kutsidya, anaitana akampani kudzaika mashata a mota. Mayi Koula anasuzumira pawindo nati, "Koma a Dragan amadziwa kusamala mkazi. Akazi awo a Vesna amangodina batani, basi."

Mawu amenewo analowa ngati minga.

"Kudina? Uko n'kwa ana!" anatero a Lefteris. "Athu azitseka okha."

"Inu bambo, ine ndangoyamikira."

"Yamikirani anthu a kwanu kuno!"

Anakwera m'siling'i. Anakoka mawaya kuchokera pawindo lililonse kukakumana m'kabokosi kamodzi m'galaja, n'kupachika pakhoma kadiso koona dzuwa kuti kazilamula zonse. Poti a Dragan sanaike shata pakhomo, iwo anaika ndi pakhomo pomwe. Tsiku loyesa, shata la kubafa linakwera pamene anzake ankatsika, Mayi Koula ali mkati. Nkhani imeneyo tinaimva msewu wonse, osafunsa.

Atazikonza, nyumba inazizira bwino, koma inada bii kuyambira m'mawa. A Lefteris ankakhala m'galaja kusisita kabokosi kawo, khutu lili tcheru kudikira kuti amayi anene kuti aposa a Dragan. Amayi sananene. Ankangotenga zoluka zawo n'kuwoloka msewu, kubwera madzulo akuseka.

Mtima unawawa. Loweruka lina a Lefteris anapeza a Dragan akutchetcha kapinga.

"Aneba, mwawonjezanso chiyani kwanuku? Akazi anga sakukhalanso pakhomo."

A Dragan anazimitsa makina, napukuta thukuta.

"Tawonjeza chiyani? Kwathu kumawala, achimwene. Kwanu munthu saona ndi singano yomwe. Katseguleni mawindo mudzatenge akazi anu, khofi watithera."