Dzina la pa Khadi la Kuchipatala

Mutu unayamba kundiwawa kunkhongo tsiku limene khoti linagamula mlandu wa amuna anga. Munali mu Febuluwale, madzi atadzaza m'Kanyama, komboni ya mu Lusaka kumene timakhala.

Amuna anga anabadwira ku Malawi. Atafika ku Lusaka ali mnyamata, amalume awo anawatengera reji, chitupa cha unzika, m'dzina la msuweni wawo amene anali atamwalira. Anakhala Jailosi Phiri zaka zonse za ukwati wathu, ine n'kukhala Mai Phiri. Zinaululika atapita kukapempha pasipoti. Anawapeza olakwa pa mlandu wonamiza boma, n'kuwatumiza kundende. Akamaliza chilango anayenera kubwezedwa kwawo. Sanamalize. Anadwala chifuwa, anamwalira komweko mu Juni.

Mutu sunaleke. M'maso munkachita mdima, makutu akulira. Kukiliniki sindinapite. Ine ndine wa ku Katete, m'Zambia momwemuno, reji yanga ndi yoona, koma pa khadi langa la kuchipatala panalembedwa Phiri. Ndinkaganiza kuti akangowerenga dzinalo aitana apolisi. Ndinkangomwa timapilisi ta mutu togula pakantemba, kagolosale ka m'mbali mwa msewu.

M'mawa wina mu Ogasiti, ndikukazinga zitumbuwa zogulitsa, supuni inapulumuka m'manja. Pakamwa panakhota, mawu osatuluka. Mng'ono wanga Tisa ananditengera kuchipatala. Tinadikira pabenchi mpaka masana. Adokotala anati ndi sitiroko, yobwera chifukwa cha kuthamanga kwa magazi.

Ndinagona m'wodi masabata atatu. M'mawa uliwonse ankandiyeza, kundipatsa mankhwala, kenako kundiphunzitsa kufinya kampira. Tsiku lina anesi anaitana dzina langa mokweza, ine n'kufunda kumutu. Atandifunsa, ndinawafotokozera movutikira.

Anati, "Amai, ise sindise ba imigilesheni. Mulandu wa zina si wanu. Sembe munabwela kudala, kwanja iyi sembe ikali kusebenza."

Ankatanthauza kuti ndikanabwera msanga, bwenzi dzanja langa lamanja likugwirabe ntchito. Ndinalira kuposa mmene ndinalirira pamaliro.

Lero ndimayenda ndi ndodo. Dzanja lamanja silinabwerere mwakale, choncho Tisa ndiye amakazinga, ine ndimakhala pamsewu kugulitsa. Mwezi uliwonse ndimakatenga mankhwala ndi khadi lomwe lija. Pamtanda wa amuna anga tinalembapo Yohane, dzina limene mayi awo anawapatsa. Ine ndinalimva koyamba m'khoti.

Inu amene mutu ukukuwawani osaleka, pitani kuchipatala msanga, ngakhale pakhomo panu pali mlandu. Kumeneko dzina amalifunsa kuti akuitaneni pamzere basi.