Monita Yomwe Inadetsa Nkhope ya Apongozi Anga

Ba shopu ya makompyuta ili pafupi ndi msewu wa ku Lusaka muno mu Kafue, mwandivula pagulu. Dzina lanu sindilemba, mudzidziwa nokha. Ndakhala chete chifukwa cha manyazi, koma lero ndikamba.

Apongozi anga aamuna anamwalira chaka chatha. Anabwera muno ali mnyamata kuchokera kummawa, kudzagwira ntchito ya njanji, ndipo atapuma anakakhala ku Shimabala. Banja linagwirizana zovundukula chiliza chawo. Pamsonkhano aliyense anapatsidwa mbali yake. Alamu anga aakulu, ba Mabvuto, anatenga za mwala. Azimayi anatenga za chakudya. Ine mkamwini, poti ndimapanga mapositala a kutchalitchi, anandipatsa masikipa. Nkhope ya malemu pachifuwa, aliyense avale tsikulo. Ndinavomera mothamanga. Zaka zonsezi m'banjamo ndimadziwika kuti ndine uja wonyamula mipando, ndiye ndinati apa andione.

Monita yanga yakale inali ndi mzere wobiriwira pakati, ndinati ntchito ya apongozi sindingapangire pamenepo. Ndipo ku shopu sindinapite ngati mbuli, iyayi. Ndinawerenga kaye. Ndinafika Lachiwiri, 10 koloko m'mawa, n'kuwauza mwini shopu zomwe ndifuna: mainchi 24, madontho 1920 pa 1080, ndipo choposa zonse galasi la IPS. Kwa osadziwa, IPS ndi galasi lomwe mtundu susintha, kaya uyang'ane uli kutsogolo, cham'mbali kapena pamwamba. Iwo anayamba kunditamira ina ya magemu, akuti ndi yothamanga. Ndinawauza kuti ine sindithamangitsa galimoto pa sikirini, ndikonza nkhope ya munthu.

Ananditulutsira bokosi n'kuloza zilembo.

"Bosi, imwe muziba vinthu. Iyi ni IPS yeniyeni, onani pa bokosi."

Ndinapempha kuti aiyatse. Akuti malaiti apita. Jenereta? Akuti ilibe mafuta. Ndiye tingotsegula ndione kumbuyo kwake? Akuti tepi ikang'ambika ninshi katundu wagulidwa. Pamenepo munthu wanzeru akanatuluka. Koma mawu aja akuti muziba vinthu anali atandilowa m'mutu ngati mowa. Ndinalipira K2,800, n'kunyamula bokosi paphewa mpaka kwathu ku Estates.

Kunyumba ndimagwirira ntchito pa kathebulo kakafupi ka pabalaza, ndipo ine ndine wamtali, choncho sikirini ndimaiyang'ana chapamwamba. Nditatsegula chithunzi cha apongozi, nkhope inaoneka mbuu, ngati munthu wodzola mafuta oyeretsa khungu. Ndinati awe, apongozi anga anali akuda bwinobwino, sindingawatukwane chonchi. Ndinadetsako. Ikadali mbuu. Ndinadetsanso. Ndinapitiriza mpaka pa sikirinipo anaoneka ndendende monga ndimawadziwira.

Apa ndi pomwe pandiwawa. Mkazi wanga, amake Taonga, anachiona pafoni yake nati chada kwambiri. Ndinamuyankha kuti foni yake ndi yotchipa, imanama. Wosindikiza wa ku Lusaka naye anaimba, kufunsa ngati ndatsimikiza kuti chikhale chakuda chotere. Ndinamuuza kuti asindikize momwe chilili, ine ndaonera pa IPS. Anthu awiri anandichenjeza. Ine ndinakhulupirira bokosi.

Masikipa 60 anafika Lachisanu madzulo ali m'thumba losoka. Tinalitsegula Loweruka m'mawa ku Shimabala, pabwalo la apongozi, achibale a kumudzi atafika kale. Ba Mabvuto ndiwo anatulutsa yoyamba. Anaitambasula.

Nkhope panalibe. Panali chibanga chakuda bii, maso awiri, mano, ndi kolala yoyera. Pansi pake dzina la apongozi m'zilembo zokongola zedi.

Ba Mabvuto ananditembenukira.

"Alamu, ni atate aba?"

Sanakalipe, anafunsa chabe. Bola akanandimenya mbama. Azakhali ena anagwira pakamwa. Ana anathawira kuseri kwa nyumba, ndipo kuseka kwawo tinkakumva tonse. Nthawi yosintha panalibe, basi inali itafika, abusa akudikira kumanda. Anthu onse anavala. Tangoganizani gulu lonse lija litazungulira manda, likuimba nyimbo, aliyense ali ndi chimthunzi chija pachifuwa, ndipo aliyense akudziwa wochipanga. Ine ndinaima kumbuyo, maso pansi.

Inu a kwathu mudziwa kuti mkamwini sakhala pafupi ndi apongozi aakazi n'kuyamba kulongosola nkhani. Umagwada patali, kupereka moni, basi. Ndiye ndikanatani? Ndiwakuwire ndili uko kuti amayi, vuto ndi galasi? Iwo anailandira sikipa yawo, kuiyang'ana nthawi yaitali, kuisisita ndi dzanja, n'kuivala.

Lolemba ndinaitembenuza monita ija. Nambala ya kumbuyo ndi ya pabokosi, zosiyana. Nditafufuza pa intaneti ndinapeza kuti ndi galasi la TN, lakale lija, lomwe ukaliyang'ana chapamwamba zinthu zimayera, ukaliyang'ana chapansi zimada. Ndinayesa ndekha. Nditakhala pampando wanga, apongozi akuoneka bwino. Nditagwada pansi, chibanga chija ndi icho. Chinalipo nthawi yonseyi, ine osachiona.

Cha m'ma 2 koloko ndinali pa shopu, monita m'manja, sikipa m'thumba. Malaiti analipo, mwamwayi wanji! Ndinawaonetsa manambala awiriwo. Anandifunsa ngati monita iyaka. Ndinati iyaka. Akuti ndiye vuto lili pati? Ndinati ndinalipirira IPS. Mverani yankho.

"Bokosi ni ya IPS, bosi. Sitinakunamizeni. Ise timaika monita mu bokosi yamene yakwana."

Ndiye ndinagula bokosi? K2,800 ya katoni? Kodi nkhope ya apongozi ndikanaikonzera pa katoni? Akuti katundu wawo amabwera wopanda mabokosi, iwo amangothandiza kasitomala kuti asavutike ponyamula. Akuti vuto ndi thebulo langa, ndikanagula lalitali. Kenaka akuti mwina vuto ndi msinkhu wanga. Ee, ndinauzidwa kuti ndatalika kwambiri.

Ndinatulutsa sikipa kuti aone chomwe andichita. Ndinalakwanso. Anaigwira, kuitambasula, n'kuitana mnzawo wa shopu ya mafoni kuti adzaone. Anaseka mpaka kugwira kauntala. Ine ndili chiimire, nkhope ya apongozi anga ikuzungulira m'manja mwa anthu osawadziwa. Atatha kuseka anati ndalama sabweza, koma poti ndine kasitomala wabwino andipatsa mausi yaulere. Ndinalanda sikipa ija n'kutuluka. Ngakhale mphamvu yotukwana ndinalibe.

Ndiye inu a mu Kafue, musachite zanga. Bokosi silionetsa chithunzi. Onani nambala ya kumbuyo kwa monita, muifufuze muli mu shopu momwemo. Aiyatse. Ngati malaiti apita, inunso pitani. Ikayaka, ikanipo nkhope ya munthu wakuda, muiyang'ane mutaima, mutagwada, muli cham'mbali. Nkhope ikasintha, siyani. Ndipo mkazi wanu akati chada, chada ndithu.

Manje ba shopu, mverani. Ndalama ndifuna, koma si ndalama yomwe yandilembetsa izi. Ine ndinkati mwambo ukatha masikipa aja adzasanduka zokolopera, anthu n'kuiwala. Ena onse anavuladi. Apongozi anga aakazi sanavule. Amagulitsa tomato ndi repu m'mbali mwa msewu ku Shimabala, ndipo dzulo ndili mu minibasi yopita ku Lusaka ndinawaona. Aichapa, aisita, aivala. Ndinabisa nkhope kuseri kwa mpando ngati wakuba.

Madzulo ndinapempha amake Taonga kuti akawauze avule, ndisindikiza ina yabwino. Anabwera ndi yankho. Akuti iyayi, iyi ndi yomwe anavala pamanda a amuna awo, ina saifuna. Ndipo akuti ogula akawafunsa kuti pachifuwapo ndi ndani, amayankha mosabisa: ni amuna anga, anakonza ni akamwini anga, aja odziwa makompyuta.

Amakamba monyadira, anthuni. Sanyoza. Ndicho chikundipha.

Ine mwambo sundilola kukakhala nawo pansi n'kuwalongosolera. Inu si akamwini awo, palibe chokuletsani. Kwerani minibasi, mutsike ku Shimabala, mufune mayi wovala sikipa yoyera pa thebulo la tomato. Mugwade, muwauze ndi pakamwa panu chomwe munaika m'bokosi muja. Ndikufunsani pamaso pa anthu onse owerenga izi: mupita liti?