Nsomba Imene Ndinapha ku Trent

Mundikhululukire, owerenga, kuti munthu ngati ine ndalimba mtima kulemba. Sukulu yanga yambiri ndinaphunzirira kumudzi, ku Malomo. Koma nkhani iyi yandikhala pamtima nthawi yaitali.

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi pamene amayi anandiitanitsa ku Leicester, kumene ankasamalira okalamba. Tinkakhala ku Evington, khoma limodzi ndi a Derek, mzungu wachikulire amene akazi awo anamwalira kalekale. Ndinali wamanyazi, wofuna kuti aliyense azinena kuti ndine mwana wabwino. Tsiku lina a Derek anandipeza ndikusuzumira pampanda, kuyang'ana ndodo yawo yowedzera ya nsungwi imene ankaipaka mafuta. Nditawauza kuti kwathu ndinkawedza mu Bua ndi amalume, anakandipempha kwa amayi kuti ndiziwaperekeza kumtsinje wa Trent Loweruka.

Ankawedza nsomba imodzi yokha, ya ndevu zinayi pakamwa, imene iwo amati barbel. Pamalo amenewo panali pa kalabu ya owedza, ndipo khadi lawo la umembala analitenga ali mnyamata. Nyambo yawo inali nyama ya m'chitini, ndipo chingwe ankachipinira ndi chala.

"Kale nsomba tinkaimva pachala ikungonunkhiza," ankatero, akuloza tsidya lina. "Taona awo. Agona m'tenti, nyambo yogula m'paketi, belu la batire ndilo likuwawedzera. Akadzuka, chithunzi basi."

Tinapita katatu osagwira kanthu. N'chifukwa chake sindinaonepo chimene anthu a kuno amachita nsomba ikafika pamtunda, ndipo a Derek sanaganize zondiuza, poti kwa iwo zinali zodziwika kwa aliyense.

Ulendo wachinayi kunkazizira, masamba atayamba kugwa. A Derek anapita kugalimoto kukatenga fulasiki ya tiyi, n'kundisiyira ndodo. Posakhalitsa chingwe chinandiwotcha chala. Ndinalimbana nayo nsombayo mpaka mikono inafooka, kenako ndinaikokolola ndi ukonde. Inali yaitali ngati mkono wanga wonse, mamba ake ngati mkuwa. Amalume anandiphunzitsa kuti nsomba yaikulu usaizengereze, ingakubwerere m'madzi. Ndinatola mwala, n'kuimenya kawiri pamutu. Kenako ndinathyola bango, ndinalilowetsa m'makha mwake, n'kuima nayo kudikira kuyamikiridwa.

A Derek atafika anaika fulasiki pansi pang'onopang'ono. Nkhope yawo inayera. Anagwada, n'kuisisita nsombayo pamsana ngati mwana wodwala.

"Mada, mwana wanga, wachita chiyani? Nsomba iyi mwina ndi yamsinkhu wako. Timaipumitsa m'madzi, mutu kuloza kumtunda, mpaka ichoke yokha."

Ndisanayankhe tinamva nsapato zikuswa udzu. Anali mlonda wa kalabu, bambo wamkulu thupi, woyendera makhadi. Anayang'ana magazi pamwala, kenako anayang'ana ine.

"Ndaipha ndine," anatero a Derek. "Inameza mbedza. Ndinaona kuti sichira."

"Ndiye bangoli, Derek? Wayamba liti kupachika nsomba pa bango?"

"Ndakalamba, mutu sukugwira."

Mlondayo anatenga khadi lawo, nsomba anaiika m'jumbo yakuda. Anati komiti idzagamula, koma kupha nsomba imeneyi chilango chake n'kuchotsedwa. M'galimoto pobwerera sanandikalipire. Anangoyatsa wailesi.

Kuchokera tsiku limenelo mantha anandilowa m'mafupa. Amayi sindinawauze. Kalata ikagwa pachitseko, ndinkaganiza kuti atulukira zoona. Ndikamapita kusukulu ndinkadutsa nyumba ya a Derek nditawerama. Pawindo pawo ndinkaona kuwala kwa TV ngakhale Loweruka m'mawa, nthawi imene akanakhala ali kumtsinje. Dzinja lonse anakhala m'mpando umenewo, akuonda, ndipo ine ndinkadziwa kuti amene ndawakhazika pamenepo ndine. Ndikaganiza zoulula, ndinkaona azungu ambiri atandizungulira, akufunsa kuti kamwana aka kanachokera kuti.

Tsiku lina amayi anabwera kuchokera ku shifiti atakumana ndi a Derek pamalo okwerera basi.

"Agogo ako akuti komiti ikhala Lachitatu, mwina awachotseratu. Munthu wa nsomba zaka zonsezi angaphe nsomba mwadala?" Anavula nsapato, akundiyang'ana. "Madalitso, paja tsiku lija unali komweko."

Ndinalira ngati kamwana. Kenako ndinawafotokozera zonse.

"Ndiye iwe umadya n'kumakhuta, nkhalamba ikusenza mlandu wako? Sita shati yoyera ija. Lachitatu ndisinthana shifiti ndi mnzanga."

"Amayi, akandimanga."

"Akakumanga ndizikubweretsera chakudya. Sita shati."

Komiti inakhala m'chipinda cha kuseri kwa bala ina, amuna asanu pathebulo lalitali. A Derek atationa anapukusa mutu kuti ndibwerere, koma dzanja la amayi linali pamsana panga. Mawu anga ankatuluka aang'ono, Chingerezi chikundithawa. Ndinanena za mwala, za bango, za amalume ndi Bua. Ndinati kwathu munthu wobweza nsomba m'madzi angamuyese wamisala, ndipo ine ndinkafuna kuti a Derek akondwere nane.

Kenako mlonda uja anati, "Bango lija ndinalidziwa kuti ndi la mwanayu. Derek satha n'kumanga nsapato zake zomwe." Ena anaseka. Ine sindinaseke; ndinkadikirabe apolisi.

Anagamula kuti ine ndisapondenso pamalo awo kwa chaka chathunthu, ndipo a Derek, chifukwa chonama, adikire mpaka nyengo yowedza idzatsegulidwenso. Panja a Derek anandigwira phewa.

"Wandiwonongera bodza labwino," anatero. Maso awo anali ofiira.

Lero ndikamaganiza, ndimaona kuti kupha nsomba ija kunali kusadziwa chabe, ndipo kusadziwa anandikhululukira tsiku lomwelo. Cholakwa changa chenicheni chinali miyezi imene ndinabisala kumbuyo kwa munthu wokalamba, ndikudziuza kuti ndine mwana wofatsa. Kufatsa kwangako kunawadyera dzinja limodzi mwa madzinja ochepa amene anawatsalira.

A Derek anabwerera kumtsinje okha, ine ndikuwayang'ana pawindo akulongedza m'galimoto. Asanalowe anandikwezera khadi lawo m'mwamba kuti ndilione. Linali tsiku lotsegulira nyengo yowedza, Loweruka, pa 16 Juni 2018.