A Pang'onopang'ono Aphunzira Kufulumira

Dzina lawo lenileni linatsalira pa laisensi. Tauni yonse inkawadziwa kuti a Pang'onopang'ono, chifukwa zaka zonse zimene anaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, nyimbo yawo inali yomweyo. Kusiya kilachi, pang'onopang'ono. Kukhota, pang'onopang'ono. Ngakhale tiyi ankamwa mpaka ntchentche kutopa kudikira.

Ndiye m'mimba munawaukira. Poyamba anati ndi tsabola, kenako anati ndi madzi a ku ofesi, mapeto ake anayamba kuwayang'ana cham'mbali alamu awo okonda kubwera ndi zakudya. Akazi awo atatopa kumva chitseko cha chimbudzi chikulira tsiku lonse, anawakokera kuchipatala. Kumeneko anawagoneka cham'mbali n'kuwalowetsa kapaipi ka kamera kudzera njira imene bambo waulemu wake satchula pagulu.

"Matumbo anu ndi otupa, bambo," anatero adokotala. "Matendawa satheratu. Tiziwagoneka ndi mankhwala, koma nthawi zina azidzuka. Tsabola basi, zokazinga basi, mkaka basi."

"Nanga akadzuka ndili pamsewu?"

"Muzifulumira."

Kufulumira! Iwowo? Koma chimene chinawadya mtima si tsabola ayi, ndi ntchito. Bwana wawo, mwini sukuluyo, sankachedwa kuonetsa munthu msana wa njira, ndipo kunkamveka kuti wina anachotsedwa chifukwa chongotsokomola kwambiri. Nanga munthu wothawa wophunzira pakati pa msewu akanamusunga? A Pang'onopang'ono analumbira kuti nkhaniyi ithera m'nyumba mwawo.

Anakonza njira zatsopano, zodutsa kumene kuli zimbudzi. Phunziro lililonse tsopano linkadutsa pomwetsera mafuta, kuseri kwa tchalitchi, ndi pa hotela ina ya mlonda wokonda tulo. Zikavuta ankangoti, "Khotani apa, tiyeserere kuimika cha rivesi." Wophunzira akangoimika, iwo n'kutsika. "Ndikafunse za mpweya wa matayala." Ankapita ali njo, mapewa m'mwamba, miyendo yothinana ngati munthu wapanira dzira pakati pa mawondo.

Mwa ophunzira awo munali mayi wina wosoka madiresi a ukwati, amene onse ankangowatcha Mayi Telala. Mayiwa analephera mayeso kambirimbiri moti oyesawo ankawafunsa za ana kunyumba. Akagwira chiwongolero, njinga zinkawapitirira, ngakhale wokankha wilibala ankawapatsa moni n'kudutsa. Kale a Pang'onopang'ono ankawanyadira kuti ndiye wophunzira womvera. Tsopano ankati akawaona akubwera, mtima phaa.

Tsiku lina m'mawa, ali ndi mayiwa, anapeza msewu wa kutchalitchi watsekedwa, akukumba ngalande. Nthawi yomweyo m'mimba munati gudugudu. Thukuta kamukamu. Pomwetsera mafuta panali kutsidya kwa msika, ndipo Mayi Telala anali pa giya yoyamba, akuimba kanyimbo chapansipansi.

"Mayi, pondani mafuta."

"Pang'onopang'ono, aphunzitsi?"

"Pondani, mayi, ndagwira mwendo wanu!"

Mayi Telala anawayang'ana kamodzi kokha. Abale inu! Giya yachiwiri, yachitatu, hutala kulira. Anapitirira minibasi, anazemba mbuzi, anakhota pamsika osagunda ngakhale tomato mmodzi. Pomwetsera mafuta panali podzaza, malo atsala kampata pakati pa lole ndi khoma. Mayi anaponya rivesi, galimoto n'kulowa bwinobwino ngati ulusi pa singano. Ndipo galimoto isanaime n'komwe, womwetsa mafuta anali ataima kale pachitseko cha mbali ya aphunzitsi, atakweza m'mwamba kiyi wa chimbudzi womangirira kuthabwa.

A Pang'onopang'ono analibe nthawi yodabwa. Anadabwa pobwerera, atapepukidwa. Analowa m'galimoto, anakonza kolala, n'kuyamba: "Akuti mpweya wa matayala..."

"Aphunzitsi," anawadula Mayi Telala, "matayala amenewa mwawapopa mokwanira, aphulika. Tonse tikudziwa. Malemu amuna anga anadwala matenda omwewa. Ine ndinazindikira sabata yoyamba, pa kayendedwe."

"Tonse ndani?"

"Ophunzira, omwetsa mafuta, mlonda wa kuhotela. Mumayesa amagonadi uja? Amangotsinzina kuti musachite manyazi."

Manyazi anawagwira mpaka m'makutu. Kenako mantha. "Chonde, mayi, bwana asamve. Ndili ndi ana."

Mayi Telala anatambasula dzanja n'kutsegula kabokosi ka kutsogolo. Munali tishu watsopano ndi kasopo, monga mwa masiku onse.

"Izi amaikamo ndani?" anafunsa mayiwo.

"Mayi a kunyumba."

"Akazi anu ali ndi kiyi wa galimoto ya sukulu? Ndi abwana. Ndinawapezerera ndekha m'mawa wina. Akuti chiyambire kudwala kwanu, palibe wophunzira wanu amene walephera rivesi."

A Pang'onopang'ono anayang'anitsitsa tishu uja. Miyezi yonseyi akhala akudzipanikiza, kunama, kuonda ndi mantha, chikhalirecho tauni yonse ikuwatsegulira zitseko mwakachetechete. Anafuna kuseka, koma misozi ndiyo inatsogola, ndipo anang'amba kachidutswa ka tishu wa bwana n'kupukuta m'maso.

Mayi Telala analiza galimoto mwamphamvu, nayo inadumpha n'kuzima.

"Pang'onopang'ono, mayi," anatero aphunzitsi. "Lero tilibenso kothamangira."